Funsani za Makompyuta: Matesti akachuluka, tiwagawe motani?

FUNSO

Akulu,

Ndine mnyamata wa ku Ntcheu, kwathu ndi kufupi ndi msika wa Lizulu. Ine ndi anzanga awiri tinalemba pulogalamu yothandiza magulu a banki m'khonde. Imasunga masheya a membala aliyense, ngongole ndi chiwongoladzanja, ndipo chaka chikatha imawerengera ndalama zimene aliyense alandire pogawana. Tinailemba ndi Python ndi Django, ndipo matesti, amene ndi khodi yoyesa ngati pulogalamuyo ikugwira bwino ntchito, timayendetsa ndi chida chotchedwa pytest.

Poyamba zonse zinali myaa. Pano matesti apitirira 400, ndipo kuti onse athe pa laputopu yanga pamapita mphindi 25. Ena amafuna intaneti chifukwa amalankhula ndi seva yoyeserera ya ndalama za pafoni, ndiye bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta amagwa, ngakhale khodi ili bwinobwino. Mapeto ake palibe akuwayendetsanso, aliyense akungotumiza khodi n'kumapemphera. Mnzanga wina akuti tiwagawe m'magulu potengera zimene akuyesa: a ngongole, a masheya, a malipoti, a mauthenga, mpaka wafika magulu 14. Winayo akuti tingofufuta ochedwawo. Tatsala pang'ono kuyambana. Titani?

Wowerenga wanu, Lizulu

YANKHO

Achimwene, zoyambana zisiyeni. Anzanu onse awiri aona vuto lenileni, kungoti aliyense waligwira molakwika.

Ndiyambe ndi wofufutayo poti yankho lake ndi lalifupi: ayi. Testi yochedwa ija, yoona ngati ngongole yalowadi mu database pa dzina la mwini wake, ndi imene idzakutetezeni tsiku logawana, amayi atakhala pamphasa, bokosi latsegulidwa, mlembi akuwerenga ziwerengero kuchokera pafoni. Tsiku limenelo pakasowa K5,000 palibe adzafunse kuti matesti anu amatenga mphindi zingati. Musaifufute, ipezereni nthawi yake yoyendera.

Wa magulu 14 ndiye tikambirane pang'ono. Kugawa potengera mutu, ngongole apa masheya apo, ndi ntchito imene mafoda anu anaigwira kale. Mu Django mbali iliyonse ya pulogalamu imakhala ndi foda yake, ndipo mukafuna matesti a ngongole okha mumangolemba pytest ngongole/ basi. Mukafuna onse amene m'dzina lawo muli mawu akuti chiwongola, pali pytest -k chiwongola. Kuwonjezera zizindikiro 14 zosonyeza gulu la testi iliyonse pamwamba pa zimenezi n'kudzipatsa ntchito yopanda malipiro, ndipo sikuchotsa ngakhale mphindi imodzi pa 25 zija. M'gulu la ngongolelo mudzakhalabe testi yotha musanaphethire ndi ina yodikira seva ya kunja, zonse malo amodzi.

Funso logawira matesti ndi ili: kuti testi iyi iyende, ikufuna chiyani? Inu mumakhala pa Lizulu, mumaona mmene ogulitsa kachewere amachitira. Sasankha mbatata potengera dimba limene yachokera, kaya Tsangano kaya Bembeke. Amasankha potengera kukula, chifukwa yaikulu ili ndi wogula wake wa tchipisi, yaing'ono ili ndi mtengo wina. Matesti nawo agaweni potengera mtengo wowayendetsa.

Maganizo amenewa si anga. Mu 2005 Michael Feathers analemba mfundo zochepa zimene ambiri akuzitsatabe: testi si unit test, kutanthauza testi yoyesa kachidutswa kamodzi ka khodi pakokha, ngati ilankhula ndi database, ngati idutsa pa netiweki, ngati ikhudza mafayilo, ngati singayende nthawi imodzi ndi matesti anzake, kapena ngati muyenera kuyamba mwasintha zinthu pa kompyuta kuti iyende. Sananene kuti matesti oterewa ndi oipa. Anangoti apatulidwe, kuti othamanga aziyenda okha nthawi iliyonse. A Google nawo, poona kuti anthu sagwirizana pa mayina, anagawa matesti awo potengera kukula: small, medium ndi large. Yaing'ono siloledwa netiweki, database, kapena kugona n'kumadikira nthawi. Yapakati imaloledwa database ndi kulankhula ndi zinthu za pa kompyuta yomweyo. Yaikulu imaloledwa zonse. Anaikanso malire a nthawi: masekondi 60, 300 ndi 900 kapena kupitirira.

Inunso magulu atatu akukwanirani.

Loyamba ndi la matesti osafuna kanthu kupatula khodi yokha. Tiyeni tione limodzi pafupi, pa pulogalamu yanu yomweyo. Gulu la banki m'khonde lasonkhanitsa K1,000,000 pakutha pa chaka, masheya onse ogulidwa ndi 300. Sheya iliyonse ikugwera pa K3,333 ndi matambala osatha kugawika. Kumudzi palibe amalipira matambala, ndiye gulu limagwirizana kuti zotsalira zipite kuti, mwina ku thumba la chaka chamawa. Testi yanu ifunse kuti: ndikaphatikiza zimene membala aliyense walandira ndi zotsalirazo, kodi zikubwerera pa K1,000,000 ndendende? Ina ifunse za mayi amene ali ndi masheya 10 koma ngongole ya K15,000 sanamalize. Ina ifunse za membala wopanda sheya ngakhale imodzi. Ina, imene ambiri amaiwala, ifunse za gulu latsopano limene masheya ake onse ndi 0, chifukwa pamenepo pulogalamu ikhoza kugawa ndi ziro n'kufera pomwepo. Onsewa safuna database. Mupereka manambala, mulandira manambala. Mazana a matesti otere amatha m'masekondi ochepa, ngakhale magetsi atathima ndipo laputopu ili pa batire. Ndipo poti takhudza ndalama: lembani 0.1 + 0.2 mu Python muone, ikupatsani 0.30000000000000004. Ndalama za anthu musaziwerenge ndi float, mtundu wa manambala umene wapereka yankho limeneli, gwiritsani ntchito Decimal, ndipo pakhale testi yoteteza zimenezi.

Manambala a foni nawo ndi a gulu lomweli. Wina alemba kuyambira 099, wina 088, wina ayamba ndi +265, wina aika mipata pakati. Kuyesa ngati pulogalamu ikuzindikira kuti 099 ndi ya Airtel ndipo 088 ndi ya TNM sikufuna kutumiza uthenga kwa munthu aliyense.

Ndisanapite ku magulu enawo, ndinene chimene ndikuchiganizira ngakhale khodi yanu sindinaione. Ambiri mwa matesti 400 aja akulowa mu database popanda chifukwa. Zimachitika chonchi: masamu a chiwongoladzanja alembedwa m'kati mwa view kapena model, mbali za Django zoyankha wogwiritsa ntchito ndi zosunga zinthu mu database, ndiye kuti muwayese muyenera kupanga gulu, kupanga membala, kumulowetsa ndi pasiwedi, kupanga ngongole, kenako n'kuona nambala imodzi. Tulutsani masamuwo akhale function yoima payokha, ndipo testi yake idzasamukira yokha ku gulu lothamanga. Ntchito yeniyeni ili pamenepa, zizindikiro ndi zongomalizira.

Musayambe mwa kungoganiza kuti ochedwa ndi ati. Lembani pytest --durations=20, ikuonetsani matesti 20 ochedwetsetsa ndi nthawi yawo. Pali zinthu zitatu zimene ndimayamba kuzifufuza pa pulogalamu ya Django. Choyamba ndi mapasiwedi: Django imawabisa ndi njira ya PBKDF2 imene inapangidwa dala kuti izichedwa pofuna kutopetsa akuba, ndiye testi iliyonse yopanga munthu watsopano imalipira nthawi imeneyo. Malangizo a Django omwewo amati pa matesti pokha mukhoza kuika MD5PasswordHasher, yomwe ndi yofulumira kwambiri. Pa matesti pokha, ndatero, osati pa seva yeniyeni. Chachiwiri ndi kumanganso database nthawi iliyonse, chimene pytest-django, chida cholumikiza pytest ndi Django, imachithetsa ndi --reuse-db. Chachitatu ndi time.sleep, lamulo loimitsa khodi kwa kanthawi, amene wina anamuika kuti adikire yankho n'kumuiwala.

Gulu lachiwiri ndi la matesti ofuna database ya pa kompyuta yanu yomweyo, opanda intaneti. Muno ndi mmene mukhale nkhani ngati iyi: membala wabweza ngongole pafoni, uthenga wotsimikiza wafika ku seva yanu kawiri. Kodi pulogalamu ilemba kubweza kamodzi kapena kawiri? Mauthenga obwera kawiri ndi chinthu chimene aliyense wolumikiza pulogalamu ku ndalama za pafoni ayenera kuchiyembekezera. Kuti muyese zimenezi simufuna seva ya kampani ya foni. Lembani kanthu kanu konamizira kamene kamayankha ngati sevayo: nthawi zina kavomere, nthawi zina kakane kuti ndalama sizikukwana, nthawi zina kangokhala duu osayankha. Seva yeniyeni simungaiuze kuti ichedwe lero kuti muone mmene pulogalamu yanu ichitire, koma yonamizirayi imamvera.

Gulu lachitatu ndi la akunja: ofuna intaneti, seva yoyeserera ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kutumiza SMS, kapena kutsegula msakatuli n'kudina mabatani ngati munthu. Awa akhale ochepa, owerengeka pa zala. Ntchito yawo ndi imodzi: kutsimikiza kuti kanthu kanu konamizira kaja kakufananabe ndi chenicheni.

Kachitidwe kake mu pytest n'kosavuta. Pamwamba pa testi yofuna database pakhale @pytest.mark.django_db, chizindikiro chimene pytest-django ili nacho kale. Ubwino wake, testi imene sinapemphe chilolezo ikayesa kukhudza database imakanizidwa pomwepo. Pa akunja pangani chanu, @pytest.mark.kunja. Ang'onoang'ono a gulu loyamba aja musawaike chilichonse. Mukatero, kuyendetsa othamanga okha ndi:

pytest -m "not django_db and not kunja"

Zizindikiro zanu zilembeni mu pytest.ini ndipo muyatse --strict-markers. Popanda zimenezi, mnzanu akalemba "knja" m'malo mwa "kunja", pytest ingochenjeza pang'ono n'kupitirira, testiyo n'kulowerera m'gulu la othamanga mwakachetechete. Onjezaninso pytest-socket ndi --disable-socket poyendetsa gulu loyambalo, kuti testi iliyonse yoyesa kutuluka pa netiweki igwe nthawi yomweyo. Lamulo longogwirizana pakamwa limatha pakangopita mwezi, koma limene kompyuta ikulilondera limakhala.

Tsopano chachikulu pa zonse. Gulu lililonse likhale ndi nthawi yake yodziwika, apo ayi mwangopeza njira yaulemu yofufutira matesti. Ang'onoang'ono ayende nthawi iliyonse mwasintha khodi. A database ayende munthu asanatumize khodi kwa anzake, komanso pa GitHub Actions kapena GitLab CI, zimene zimayendetsa matesti zokha pa intaneti, khodi ikangofika. Apa mupindulanso pa bandulo, poti ntchito yolemerayo ichitikira pa makompyuta a eni akewo, osati pa laputopu yanu. Akunja ayende kamodzi usiku, ndiponso musanapereke pulogalamu yatsopano ku magulu a banki m'khonde. Pokonza nthawi ya usikuyo kumbukirani kuti GitHub imawerenga nthawi ya UTC, ndipo Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Mukalemba ola la 0, iyenda 2 koloko m'bandakucha kuno. M'mawa mwake pakhale munthu mmodzi wodziwika woona zotsatira. Muli atatu, muzisinthana sabata ndi sabata. Zikasiyidwa kwa onse, saona aliyense.

Mudzamva za piramidi ya matesti imene Mike Cohn anaitchukitsa mu 2009, komanso kagawidwe ka 70, 20 ndi 10 pa 100 kamene ena a ku Google anakalimbikitsa. Mfundo yake ndi yabwino, ang'onoang'ono achuluke, akunja achepe, koma musathe tsiku mukuwerenga maperesenti. Nambala yoti muiyang'ane ndi ya wotchi: gulu loyamba likapitirira theka la mphindi, anzanu ayambanso kulizemba.

Kwa owerenga ena amene salemba Python, zimenezi zili paliponse, mayina okha ndi osiyana. JUnit, imene Kent Beck ndi Erich Gamma anaiyamba mu 1997, inali ndi @Category mu JUnit 4, ndipo kuyambira JUnit 5 ya 2017 pali @Tag. NUnit ili ndi Category, xUnit ili ndi Trait, Go ili ndi go test -short. A Android anakugawirani kale: foda ya test ndi ya matesti oyenda pa kompyuta, ya androidTest ndi ya ofuna foni kapena emulator.

Mnzanu wa magulu 14 muuzeni kuti chizindikiro chachinayi achipemphe akapeza nthawi yachinayi yoyendetsera matesti.

FUNSO

Zikomo akulu. Ndimagwira ntchito pa Dedza boma, ndimasamalira pulogalamu ya Laravel yolemba katundu ndi ngongole za makasitomala pa shopu ya zipangizo za ulimi. Tili ndi matesti angapo amene lero akhoza, mawa agwa, popanda wina kukhudza khodi. Abwana anga akuti ndiwaike m'gulu lawolawo, tiziwadumpha, tidzawaona tikapeza mpata. Kodi n'kulakwa?

Mtsikana wa ku Dedza

YANKHO

Achemwali, kuwapatula si kulakwa. Testi yogwa mwachisawawa ikasiyidwa pakati pa anzake imaphunzitsa anthu kusalabadira zofiira zosonyeza kuti testi yagwa, ndipo tsiku limene testi yabwino idzagwe pa chifukwa chenicheni, wina adzangoti "ndi zija zomwe zija" n'kutumiza khodi. Vuto lili pa mawu akuti "tikapeza mpata". Pa shopu ya zaulimi mpata umenewo subwera: mukamaliza za feteleza wa dzinja, mwayamba za mbewu ya kachewere wa kudimba. Choncho apatuleni, koma testi iliyonse ilembedwe dzina la woikonza ndi tsiku, ndipo gululo liziyendabe usiku kuti muzionabe mmene likuchitira. Mu PHPUnit, chida choyendetsera matesti a Laravel, mumawadumpha ndi --exclude-group. Dziwani kuti kuyambira PHPUnit 10 gulu limalembedwa ndi attribute ya Group, ndipo njira yakale ya @group m'ndemanga inachotsedwa mu PHPUnit 12.

Koma musanawapatule, yang'anani zinthu zitatu, mwina simufunikanso gulu.

Yambani ndi nthawi, chifukwa pulogalamu ya ngongole imadalira masiku. Onani tsiku ndi ola limene testi inagwa. Laravel imabwera itaikidwa pa UTC mu config/app.php, pamene kuno tili patsogolo ndi maola awiri. Kuyambira pakati pa usiku mpaka 2 koloko, kwa inu ndi Lachiwiri koma kwa pulogalamu likadali Lolemba, ndiye testi yofunsa za malonda a lero imatha kusokonekera ngati mbali ina ya khodi ikutsata nthawi ya kuno. China ndi mapeto a mwezi. Tengani 31 January muwonjezere mwezi umodzi ndi addMonth ya Carbon, chida chimene Laravel imawerengera masiku: simupeza 28 February, mupeza 3 March, kapena 2 March m'chaka chimene February ali ndi masiku 29. Testi yotere imakhoza masiku ambiri a mwezi n'kugwa chakumapeto. Ndipo apa testiyo sikunama, yakupezerani cholakwika chenicheni: kasitomala wotenga feteleza pangongole pa 31 January akupatsidwa tsiku lobweza lolakwika. Pali addMonthNoOverflow ya ntchito imeneyi. M'matesti, imikani wotchi ndi travelTo kapena freezeTime, ndipo mulembe dala testi ya pa 31 January m'malo modikira kuti kalendala ikufikitseni.

Chachiwiri ndi matesti odalirana. Ina yasiya matumba a feteleza mu database, inzake ikuwerengera kuti iwapeza pomwepo. Yendetsani ndi --order-by=random kangapo; zikamagwa mosinthasintha, vuto ndi limeneli, ndipo RefreshDatabase pa testi iliyonse yofuna database ndiyo poyambira.

Chachitatu ndi netiweki. Ngati pulogalamu imatumiza SMS yokumbutsa ngongole kudzera mu Http ya Laravel, ikani Http::fake m'matesti, ndipo muyatse preventStrayRequests kuti pempho lililonse lotuluka kunja popanda chilolezo ligwetse testi nthawi yomweyo.

Laravel inakupatsani kale mafoda awiri, tests/Unit ndi tests/Feature. A mu Unit sadzutsa pulogalamu yonse, n'chifukwa chake amathamanga, ndipo php artisan test --testsuite=Unit imayendetsa amenewo okha. Ogwa mwachisawawa anu ndikukhulupirira ali mu Feature. Mukawapeza, funsani pa iliyonse ngati masamu ake sangatuluke n'kukayesedwa mu Unit, ndi tsiku lolembedwa pamanja.

Kwa abwana musapite ndi nkhani ya matesti, sawamva kukoma. Tsegulani pulogalamu, lembani ngongole yoyeserera ya pa 31 January, muwaonetse tsiku lobweza limene lituluke.